Lamba Wonola Ubongo

Lolemba

Chaka chino karta yoyendetsera galimoto ndiitenga! Mayeso ali Loweruka. Ndikakhoza, ulendo wa ku Moatize kukayendetsa zigalimoto za malasha, zija za matayala otalika kuposa nyumba ino. Zosenza matumba a mbatata pamsika zithere pompa.

Akazi anga, mayi a Zito, abwera ndi chinthu kuchokera ku pensau, nyumba ya alendo komwe amachapa. Wawapatsa injinyero wina amene akubwerera kwawo. Ndi lamba wa kumutu, ali ndi kachitsulo kokhudza pamphumi, kopanira khutu ndi kanyali. Akuti amamva magetsi a muubongo. Maganizo akakhala pamodzi kanyali kamayaka kobiriwira, akabalalika kofiira. Ukalimbikira ubongo umanoleka. Akutinso kutsogoloku anthu azidzayendetsa galimoto ndi maganizo okha.

Dongosolo:
m'mawa, lamba
masana, lamba
buku la malamulo a pamsewu lidikire kaye. Mtengo sadula ndi nkhwangwa yobuntha.

Lachiwiri

Vuto loyamba: kanyali kali pamutu, ine sindikaona. Ndabwereka galasi la mayi a Zito. Ndakhala pakhonde kudziyang'ana.

Kofiira. Kofiira. Kofiirabe.

Dzuwa la Tete! Thukuta chuchuchu, lamba akutsetserekera pamphuno. Ndamumanga ndi mphira. Mutu ukuwawa, mwina ndi nzeru zikulowa.

Kobiriwira kayaka kamodzi, pamene aneba amakazinga nyama ya mbuzi.

Lachitatu

Mayi a Zito atulukira ntchito ina ya lamba. "Bambo a Zito, tavalani. Loweruka lija munali kuti?"

Kofiira!

Ndinalidi kumpira. Ndikulumbira. Koma munthu akakufunsa atagwira m'chiuno, maganizo angakhale pamodzi bwanji? Ndafotokoza za magetsi a muubongo. Iwo: "Makina a azungu sanama."

Ndiwo andigawira msuzi wokha.

Lachinayi

Bairro yonse ya Mateus Sansão Muthemba, dera lathu lino, yamva. Pakhomo pali mzere wa amayi, aliyense wagwira mwamuna wake padzanja. Lamba sindinamukhudze tsiku lonse.

Amene awayakira kobiriwira:
eni nyumba, atangoona ine wangongole ya lendi
mayi wina wogulitsa tomato wochokera kwathu ku Angónia
alamu anga a Chikopa, dalaivala wa ku Mwanza. Awa! Munthu amene anafika pamalire pa Zóbuè n'kuzindikira kuti ngolo ya galimoto waisiya kuno. Kwa iwo kabiriwira osaphethira. "Alamu, chinsinsi n'kusaganiza kanthu," akutero.

Mabanja awiri achoka osalankhulana.

Lachisanu

Mapilya, mabatire a lamba, atha. Ndayenda wapansi mpaka ku bairro ya Josina Machel kusaka ofanana nawo, fumbi la malori lili kobo. Ndabwera, ndaika, ndaveka lamba pachivwende chili patebulo kuti ndikasambe kumaso.

Pobwerera ndapeza kanyali kali mbee, kobiriwira!

Chivwende. Mayi a Zito aseka mpaka kukhala pansi. "Chitumeni icho kumayeso, bambo a Zito."

Ndatsegula buku lija. Kalanga ine, kukhuthala kwake! Ndawerenga chikuto n'kulitseka.

Loweruka

Ndavala malaya oyera, lamba ndabisa mkati mwa chipewa. Woyesa waona waya wa kukhutu. "Epa, bambo, chotsani telefone!" Ndayamba kufotokoza za ubongo. Iye: "Umenewo mulowe nawo. Chinacho musiye panja."

Mafunso onse m'Chipwitikizi chothina. Kenako waloza zizindikiro ndi kandodo. Chofiira chokhala ndi mzere woyera ndati chipatala. Cha makona atatu chokhala ndi ng'ombe ndayankha molimba mtima: "Apa pagulitsidwa nyama."

Wakhosomola nthawi yaitali. Wandifunsa ngati ndinayamba ndakwerako galimoto.

Lamulungu

Ndalephera. Mawa m'mawa kumsika, lole ya mbatata ikufika kuchokera ku Tsangano.

Lamba atenga a Chikopa, akuti azikavala pamalire kuti azioneka ngati bwana. Apite naye. Mayi a Zito andiphikira nsomba, ndipo akuti mayeso adzakhalakonso.

Ndakhala pamthunzi ndi buku, mutu uli pamtunda, kamphepo kakuchokera ku Zambezi. Ng'ombe ija ndaipeza patsamba lachitatu. Sakuigulitsa. Ikungowoloka msewu.