Basi Yanu Yausiku Imasiya Oimba

Kwa Bwana Mkulu wa Mabasi a Usiku,
Kampani ya Musadandaule.

Wolemekezeka Bwana,

Pepani kuti wosoka nsapato ngati ine ndikukudetserani tebulo ndi kalata. Ndalemba kuti ndithokoze, chifukwa zabwino zimene mwandichitira zandikwana mpaka m'khosi.

Ndine bambo wa mtsikana amene amaimba mu bandi ya pa holo yaikulu ija Lachisanu ndi Loweruka. Mayi ake anakaniratu kuti mwana wamkazi aziyenda usiku, ndipo pankhani imeneyi m'nyumba mwanga ndinalibe mawu. Kenaka munabwera inu ndi zikwangwani zanu zokongola zija: "Okonda nyimbo, vinani mtima uli m'malo, tikakutulani pakhomo." Ine ndi uchitsiru wanga ndinamatula chimodzi pamtengo wamagetsi, kukawaonetsa mayi ake, n'kulumbira kuti mwana azibwera pa basi. Anavomera monyinyirika.

Choyamba, ndikuthokozeni posunga nthawi. Kondakitala wanu amaima pakhomo la holo makutu ali tcheru. Woimba ng'oma akangomenya komaliza, iye likhweru, ovina onse thamangu, chitseko mba, basi uyo wapita. Nthawi imeneyo n'kuti oimba asanapukute ndi thukuta lomwe. Amakhala akukulunga mawaya, kunyamula masipika kupita nawo kuchipinda chosungira katundu, ndi kudikira mwini holo kuti akhome. Mwina ku ofesi kwanuko mumaganiza kuti oimba amapindidwa pamodzi ndi mawayawo n'kutsekeredwa mpaka Lachisanu linalo. Sindikukudzudzulani ayi, inu ndinu ophunzira.

Anawo anayesa nzeru zawo. Anagwirizana kuti woimba ng'oma azingomenyabe yekha anzake akulongedza, kuti kondakitala aziyesa kuti nyimbo ikadalipo. Zinatheka kamodzi. Anzake anakwera, iye anatsala ndi ng'oma zake pakhonde mpaka kucha, ndipo mkazi wake mpaka lero sakhulupirira nkhaniyo. Kondakitala wanu anachenjera, masiku ano amayang'ana pakamwa pa mwana wanga. Akangotseka pakamwa, injini yalira. Anawo atamudandaulira, anayankha kuti chikwangwani chikunena okonda nyimbo, za oimba sichinatchule. Munthu wodziwa kuwerenga chotere mumukweze pantchito.

Chachiwiri, mwandikulitsira bizinesi. Bandi yonse imayenda wapansi kudutsa tauni, wagitala atabereka gitala kumsana ngati mwana, ndipo Lolemba onse amabwera pakhonde panga ndi nsapato zoyasamula. Za mwana wanga ndazikhoma mpaka palibenso poika msomali. Mulungu akudalitseni, Bwana.

Chachitatu ndiye ndikusowa mawu. Munamujambula mwana wanga akumwetulira, maikolofoni ili m'manja, n'kumumata m'mbali mwa basi ndi mawu akuti, "Ine ndimafika bwino kunyumba." Zoonadi chithunzicho chimafika bwino. Chimadutsa pageti pathu pa nthawi yake, ine ndi mayi ake tili pawindo, chikutimwetulira. Mwini chithunzi amafika atambala akulira, nsapato zili m'manja.

Tsopano ndisiye kaye kuthokoza. Loweruka lathali anthu ena anawatsata anawo pamlatho wopanda magetsi uja. Anamulanda chikwama mwana wanga, kumung'ambira diresi paphewa, ndipo wagitala akanapanda kumuswera wina gitala m'mutu, sindikudziwa kuti kalatayi ndikanailemba motani. Mwanayo anafika bondo lili magazi, koma choyamba chimene ananena n'chakuti tisamuletse kuimba. Mayi ake sanakalipe, ndipo ine ndimawaopa kwambiri akapanda kukalipa. Anamutsuka bondo, kumugoneka, kenaka anandiitanira kukhitchini. Anati Loweruka likubwerali mwana akapanda kutsika basi pageti, kuimba kwatha, ndipo womuuza ndine, poti wolumbira ndinali ine.

Chimene chikundipweteka n'chakuti mayi ake akunena zoona. Mwanayo sakudziwa kanthu. Pamene ndikulemba pano ali kuseriku akutsuka mbale, akuyeserera nyimbo yatsopano, amati akalakwitsa n'kuyambiranso. Anayamba kuimba asanadziwe kumanga zingwe za nsapato, ndipo ine, ngakhale sindimamuuza, ndikamumva ndimasiya kukhoma.

Choncho, Bwana, ndikugwada pamaso panu ndi kapempho kakang'ono. Muuzeni dalaivala adikire mawaya akulungidwe ndi holo ikhomedwe. Ovina sangafe, angokhala pampando n'kupumitsa miyendo. Koma ngati kudikira kungaononge mbiri yabwino ya kampani yanu, sindikakamiza. Mungobwera kwathu Lamulungu m'mawa, ndidzakuyalirani mpando wabwino pakhonde, ndidzamuitana mwanayo, mudzamuuze nokha kuti asiye kuimba. Inu mawu okoma mumawatha. Ine ndayeserera sabata yonse ndili ndekha pantchito, pakamwa pakukana.

Ndine wanu wogonjera,
amene akukupukutirani nsapato ulere mukabwera,

Wosoka nsapato wa pakhonde la sitolo,
bambo wake wa woimba.