Bokosi Silikhota pa Kona ya Holo ya ku Balga

Kwa Bwana Mkulu Woona za Tsogolo,
Kampani yathu yojambula mapulani a nyumba,
Perth.

Wolemekezeka Bwana,

Ndine Betty Chikafa, wantchito wanu wa tebulo la pafupi ndi khomo, amene mumamutcha mayi wa tepi yoyezera. Ndajambula mapulani zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, zisanu mwa izo pansi pa ulamuliro wanu. Kalata ino ndailemba kanayi, ndipo ngati mwatsala cholakwa mundikhululukire.

Ndikuthokoza chifukwa cha makina a AI amene munatibweretsera. Holo ya Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ku Balga, imene ine ndikanaijambula miyezi iwiri, a Makina anaijambula ndisanamalize kumwa tiyi. Zithunzi zake n'zokongola. Anthu onse alimo akumwetulira, makapu a khofi m'manja. Tsoka lake, ntchito yaikulu ya holoyo ndi maliro. Choncho ndili ndi timadandaulo tochepa.

1. Njira ya m'kati yochokera pakhomo lalikulu kulowa mu holo ndi ya mita imodzi ndi masentimita khumi m'lifupi, ndipo imakhota ngati chigongono. Bokosi la maliro a munthu wamkulu limapitirira mamita awiri. Ndayeza kasanu ndi kawiri. Ndinadula kapepala kofanana ndi bokosi n'kumakayendetsa pa pulani. Sikakhota, Bwana. Apatu sindinawerengere onyamula asanu ndi mmodzi, amenenso ali ndi mapewa.

2. Nditawafotokozera a Makina, anapepesa mwaulemu umene sindinauonepo pa kampani pano. Kenako analangiza kuti katunduyo aimikidwe chilili podutsa pakona. Ndikuthokoza kuti anaganizira malo. Koma katunduyo amakhala bambo wa munthu.

3. Mipando yonse mazana awiri ndi yokhomerera pansi, m'mizere ngati ku kanema. Kwathu amayi amakhala pansi, miyendo atatambalala, kuzungulira namfedwa, ndipo abambo amakhala panja. Panjapo a Makina abzalapo timitengo taminga tosafuna madzi. Munati n'zosamalira chilengedwe, ndipo ndikuvomereza. Abambowo adzaphunzira kulira choimirira.

4. Sabata yatha ndinamva mukuuza ophunzira amene mumawaphunzitsa ku yunivesite ya ku Crawley kuti kupita pamalo ndi tepi n'kwachikale, kuti wojambula wamakono amangofunika kudziwa kufunsa bwino. Onse analemba m'makope mwawo. Ine ndinalembanso. Ndangodabwa kuti mwa onse ofunsa bwinowo palibe anakafunsa Mayi Monde, amene ayendetsa maliro onse a ku Balga kwa zaka khumi. Iwo ataona pulani anavula magalasi n'kunena kuti, «Iwe Betty, wakufayo azilowera pawindo?»

5. Pansi pa pulani pali kabokosi ka siginecha. A Makina alibe dzanja, ndiye mwati ndisaine ine. Ulemu umenewu ndaulandira ndi manja awiri. Koma Lachisanu pulaniyi ipita ku Welshpool, kumene mmisiri wathu, a Chisenga, adzayamba kudula zitsulo, ndipo chitsulo chikadulidwa sichimva kupepesa. Inu mudzaona holoyo tsiku lodula riboni. Ine ndimapemphera ndi anthuwo Lamulungu lililonse. Tsiku limene bokosi lidzakakamire pakona, kwaya ili m'mbuyo ikubwereza vesi lomwelo kachitatu, palibe adzatchule AI. Adzati ndi mwana wa a Chikafa uja, amene anapita ku koleji.

Sindikukana kuti makinawa amathandiza. Amawerenga njerwa mwachangu kuposa ine, ndipo sadwala mutu. Ndingathe kukhala wolakwa, monga munanenera pamsonkhano kuti ndimada nkhawa ndi zinthu zazing'ono. Masentimita makumi atatu amene akuperewera pa njira ija ndi aang'onodi.

Pempho langa ndi limodzi. Lachinayi nthawi ya 10 koloko m'mawa ndidzajambula njira ija ndi choko pamalo oimika magalimoto, ndi miyeso ya a Makina, osasintha kanthu. A Chisenga atikhomera bokosi lamatabwa lopanda kanthu. Onyamula tapezeka asanu. Ndikupempha modzichepetsa kuti mudzakhale wachisanu ndi chimodzi, mudzagwire kutsogolo, mbali ya kumanzere, poti ndi inu mukudziwa njira. Likakhota, ndidzasaina pomwepo. Ngati msana sukulolani kunyamula, musadandaule. Mkatimo muli malo, ndipo tidzakuimikani chilili mosamala kwambiri.

Ine wanu womvera, amene sanasainebe,

Betty Chikafa
Tebulo la pafupi ndi khomo