Chipolopolo Chomwe Chinangoyetsemula

Pali Loweruka lina lomwe ndikalikumbukira, ngakhale ndili m'basi, ndimadziphimba kumaso ndi manja. Amuna anga sanaimvebe nkhaniyi, ndiye inunso muisunge.

Ndine namwino wa ku Woolwich, mumzinda wa London. Amene anandikokera ku kalabu yowombera chandamale ndi a Zulu, mkulu wa kutchalitchi kwathu, kwawo ku Chipata, amene anapuma pantchito yoyendetsa basi. Apolisi atandipatsa laisensi (anandifunsa mafunso oposa a ankhoswe), ndinagula kamfuti ka zipolopolo zowonda ngati pensulo. Kenako a Zulu anayamba kundiphunzitsa kudzaza ndekha zipolopolozo. Umatsuka khoko lamkuwa, kuika kamoto koyatsira kumbuyo kwake, kuyeza wonga pasikelo monga buku lanenera, n'kutseka ndi mutu.

"Sisita, malamulo ni awiri chabe," ankatero. "Foni muzime. Musanatseke, unikani na tochi khoko lililonse, muone wonga na maso anu."

Ine ndinkangogwedeza mutu. Munthu woyeza mankhwala a odwala tsiku ndi tsiku angalephere kaufa kakuda?

Lachisanu masana ndinandandalika makoko makumi awiri pathebulo. Ndili pakati pothira wonga, foni inalira (inde, sindinazime). Anali abwana akuntchito, akundichonderera kuti ndilowe shifiti ya mnzanga Lamulungu. Tinakokanakokana, ndipo nditabwerera pathebulo mtima uli m'mwamba, ndinapitiriza pomwe ndinkaganiza kuti ndinalekera. Ndinatseka onse bwinobwino, akuwala ngati ndolo.

M'mawa mwake tili m'galimoto ya a Zulu, tikudutsa ku Croydon popita kukalabu, ndinakumbukira kuti tochi ija sindinaigwire n'komwe.

"Mwaunika onse, sisita?"

"Eee, bambo, onse."

Pakamwa panayankha pokha, ine ndisanaloleze.

Titafika, ndinagona chafufumimba pamzere pamodzi ndi azungu asanu ndi mmodzi, makutu otseka, a Zulu atagwada pambali panga ndi kabuku kawo. Chipolopolo choyamba ndinawomba nditatsinzina. Phuu! Ndinali moyo. Chachiwiri ndinayamba ndapempherera ana anga, kuwatchula mayina. Pachisanu thukuta linali likudontha pachibwano, chonsecho Novembala wa kuno ndi wachisanu. Zipolopolo zinkagwa paliponse, china kumwamba, china pachandamale cha mzungu woyandikana nane.

"Manje mukunjenjemera chani? Mwadya?"

"Kuzizira, bambo."

Chakhumi chitadutsa ndinayamba kudzilimbitsa mtima kuti mwina mantha angondinamiza. Ndinakhethemula chotsatira. Sichinalire. Chinangoti tchi, ngati mphaka wayetsemula, ndipo mfuti sinandikankhe paphewa.

Munthu wanzeru akanaimika mkono. Ine ndinaganiza zobisa. Ndinakoka msangamsanga mpiringidzo, kachitsulo kolowetsera zipolopolo mumfuti, khoko linagwa, n'kulowetsa chipolopolo china kuti aliyense asazindikire. Chala chinali chikubwerera pamalo pake pamene dzanja la a Zulu linandigwera paphewa ngati thumba la simenti.

"Imani! Chotsani chala!"

Mayi woyang'anira mzere analiza wezulo, onse anasiya kuwomba. A Zulu anatulutsa chipolopolo chatsopanocho, nachotsa mpiringidzo, n'kusuzumira mumpope wa mfuti. Anangondikodola kuti nanenso ndione. Kumene kumayenera kuoneka kuwala kunali mdima. Anatenga kandodo kachitsulo, nagogoda pang'onopang'ono, ndipo mutu wa chipolopolo unagwera pamphasa.

"Khoko ili munalibe wonga," anatero motsitsa mawu. "Kamoto kaja kanangokankha mutu, n'kutsakamira pakati. Mukanawomba china pamwamba pake, mpope sembe waphulikira pankhope panu. Na ine wamene nili pafupi."

Ndinakhala tsonga pamphasapo. Mayi wa wezulo uja anandibweretsera tiyi wa shuga wambiri, n'kumandisisita pamsana ngati mmene ine ndimachitira ndi odwala. Kenako a Zulu anandikhazika pathebulo la pakhomo, pomwe aliyense amadutsa, kuti ndimasule zipolopolo zisanu ndi zinayi zotsalazo chimodzichimodzi. Zonse zinali ndi wonga wokwanira. Aliyense wodutsa ankandimwetulira mwachifundo (bola akanandilalatira).

Pobwerera a Zulu sanatsegule ngakhale wailesi. Titafika pamaloboti ena ndi pomwe anatsokomola.

"Sisita, ward yanu ni iti ku chipatala kuja?"

Ndinawauza.

"Zikomo. Nifuna nikadwala nizapemphe ina."

Anaseka, nanenso ndinayesa kuseka, koma misozi ndiyo inatsogola. Ndinaulula kuti ndinawanamiza m'mawa uja. Kuseka kunathera pomwepo.

"Kuiwala wonga, tonse tinaiwalapo," anatero. "Koma munadziwa kuchokera ku Croydon, n'kunisiya nigwade pambali panu."

Akuti manyazi anapha Lambe, koma Lambeyo bola anafa yekha. Ine ndinatsala pang'ono kutenga ndi nkhalamba ya eni, ya zidzukulu zinayi. Masiku ano ndikakayikira kanthu ndimanena pomwepo, mokweza, ngakhale pali anthu. Chomwe sindinachithebe n'kuyang'ana mayi Zulu m'maso akamandipatsa moni kutchalitchi.