Tsiku limene ana anga anatsatira mtambo

Mpaka lero ndikamadutsa pa siteji ya kabaza kwathu ku Area 25, anyamata amaloza kumwamba n'kumaseka. Ine ndimangoyang'ana pansi ngati ndataya ndolo.

Ndimaphunzitsa pa sukulu ya mkaka. Chaka chatha tinapita kumaphunziro kumene anatiuza kuti tisamangofunsa ana kuti "Ichi n'chiyani?" Akuti tiziwafunsa zowachititsa kuganiza: chifukwa chiyani, tingadziwe bwanji. Ndinabwerako mutu utadzaza maloto. Tiana tanga tamaminato ndinkationa kale titavala magauni a ku yunivesite, tikunditchula dzina pa wailesi.

Tsiku lina mu Novembala, mvula isanagwe, ana atamwa phala, ndinayala mikeka pansi pa mtengo wa mango. Ndinati tonse tigone chagada, tiyang'ane kumwamba. (Apa mpamene ndinaphonya. Munthu wolawirira kukatunga madzi sagona chagada pamthunzi.) Mitambo inkayenda mwaulesi, yoyera ngati thonje.

"Kodi mitambo imapita kuti?" ndinafunsa.

"Kwa agogo ku Rumphi," anatero Wongani. Wina anati imapita kukamwa madzi. Wina anati ikusaka amayi ake. Ndinakondwa mpaka misozi kulengeza. Kamphepo kanali kayeziyezi, zikope zikulemera, koma ndinaponyabe funso lalikulu lija: "Nanga tingadziwe bwanji?"

Tadala, kamtsikana kofatsa, anayankha chapansipansi: "Titsatire umodzi, aticha."

"Ganizo labwino kwambiri, Tadala." Ndikukumbukira bwino kuti ndinatero. Kenako ndinali ndikuyandama pamwamba pa madenga a malata, ndikuona anthu ang'onoang'ono ngati nyerere.

Chimene chinandidzutsa ndi bata. Pa sukulu ya mkaka bata ndi tsoka. Mikeka inali yokhayokha, geti lili chitsegukire.

Ndinathamanga wopanda nsapato, chitenje chili m'manja, ndikufuula maina. Ana a eni! M'mutu munali msewu waukulu uja ndi maminibasi ake, ndipo mantha ngati amenewo sindinawamvepo chibadwire. Ndinawapeza pa siteji ya kabaza, ali pamzere atagwirana malaya (monga ndinawaphunzitsira ndekha), maso onse ali kumwamba. Anyamata anali atawatchinga ndi njinga. Pambali pawo panaima Amayi Gondwe, eni sukulu, akuchokera kumsika ndi jumbo ya tomato.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anawerenga ana mitu, n'kubwerezanso, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, mkeka wakudindani patsaya."

Pomwepo Tadala anandikoka dzanja. "Aticha, ankolowa atiimitsa, ndiye mtambo uja wathawa. Tinangotsala pang'ono."

Ntchito sinathe, koma Amayi Gondwe anandiyendetsa khomo ndi khomo kukapepesa makolo, nkhope ili pansi. Mafunso aja ndimafunsabe, sindinasiye, kungoti masiku ano ndimafunsa chiimire, kiyi wa geti ali m'thumba. Makolo onse anandikhululukira. Amene sanandikhululukire ndi Tadala. Akuti ndinavomera ndekha kuti tipite, iwo n'kunyamuka, ine osabwera.