Mlungu Umene Ndinafuna Kutulutsa Dziko mu Mgwirizano

Lolemba

Nkhani yabwino! Pulofesoli wa masamu amusamutsira ku Chiputo, Mulungu amuyang'anire m'matope amenewo. Nyumba yake ya pashikola yatsala yopanda munthu.

A diretoli ati aipereka kwa mphunzitsi amene aonetse "inisiyativa" pa msonkhano wa makolo Loweruka. Oifuna tilipo awiri, ine ndi Bonifasiyo wa jogarafiya. Bonifasiyo wayamba kale kupaka miyala laimu. Nzeru zake n'zomwezo. Kukamabwera mlendo, mwala uliwonse wa mu Fingoe umayera.

Zimene nyumbayo ili nazo:
malata,
chitseko chokhala ndi shavi yake yotsekera,
kamtunda ndithu kuchokera kwa apongozi.

Chachitatucho ndiye mwini nkhani. Chikwatire Felizarda ndili pachikamwini. Munthu wa dipuloma ya ku Tete, koma tambala wa apongozi akalira ndimadzambatuka ngati watchula dzina langa. Nyumba ikapezeka ndipempha chitengwa, nditenge mkazi wanga, basi.

Inisiyativa yanga: mtsutso, ngati uja tinkachita ku koleji. Mutu ndautola pawailesi. Akuti dziko lina la azungu linatuluka mu mgwirizano wa anzake, ndipo mpaka lero akulozanabe zala. Wathu ukhala wotere: "Kodi Mozambiki atuluke mu mgwirizano wa ndale ndi malonda wa mayiko oyandikana nafe?"

Ana a kalasi yaikulu, atatu mbali ya Titulukemo, atatu mbali ya Tikhalemo. Achita mayere m'chipewa changa. Miyala yoyera ilimbane ndi zimenezi tione!

Lachiwiri

Ndikuwafotokozera kuti pa mtsutso suteteza zimene umakhulupirira, umateteza mbali imene yakugwera.

Ermelinda, mtsogoleri wa Titulukemo, wakweza dzanja: "Ndiye kuti tiziname mwaulemu, Pulofesoli?"

Ndati ayi, limeneli ndi luso. Wati, "Eya, luso la bodza." Mwana ameneyu adzafika patali.

Mfundo za a Titulukemo:
a ku Zambia amatiseka kalankhulidwe,
ng'ombe zobedwa zimalowera komweko,
pa mpira alibe chisoni.

Mfundo za a Tikhalemo:
feteleza,
azakhali,
feteleza.

Pofika masana nkhani ili kale kumsika, koma yafika itavala zina. Akuti Pulofesoli walandira kalata ya ku Maputo yotseka malire, ndipo Loweruka aiwerenga. Kalata! Ine amene ngakhale choko sindilandira!

Zeka wa Titulukemo wabwera ndi bambo ake. Mpando aukana. "Mwana wanga asanene mawu amenewo pagulu. Feteleza ndimagula kutsidya. Akamva, ndikalowako ndi nkhope iti?" Ndafotokoza za mayere. Ati, "Chipewacho si chanu? Mayerewo munawapangira ndinu."

Atsala awiri.

Lachitatu

Kumsika mayi wa matimati wandiuza kuti atha. Ali pamulu patsogolo pake, psuu, kundiyang'ana.

Koma ndapeza wonditsatira! Sayidi, wokumba golide, matope mpaka m'zigongono, wandigwira chanza ndi manja awiri. "Shefi, mwalasa. Titulukemo! Alendo achuluka kumgodi, azipita kwawo." Sayidiyo anafika kuno chaka chatha, ndipo kwawo kumasintha malinga ndi amene wafunsa.

Wachiwiri wagwa. Akatekisi amuuza Tomasi wa Titulukemo kuti kuteteza zimene mtima wako ukukana ndi umboni wonama. Yankho ndinali nalo, koma ndi akatekisi sulimbana, umapezeka uli mu ulaliki.

Kunyumba Felizarda wabweretsa uthenga pamodzi ndi madzi osamba. Mawu a apongozi amandipeza choncho, poti ine ndi iwo sitilankhulana, sitiyang'anana. Nkhope yawo sindiidziwa bwino. Ndimawazindikira ndi katsokomoledwe ndi mapatapata obiriwira. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Tsiku lina ndinapatukira m'chitedze, ndipo ana anayesa ndikuwaphunzitsa gule watsopano.

Uthenga wake: "Amayi akufunsa ngati zitenje zimene amagulitsa zimamera m'munda mwanu."

Mayo ine, ndinaiwala! Mwezi ndi mwezi apongozi amakwera mota kukaoda zitenje ku Petauke. Malata a pakhitchini, mbuzi, ngakhale mphasa ndimagonapoyi, zonsezi ndi ana a malire.

Ndati akawauze kuti ndi masewera chabe a kushikola. Yankho silinachedwe: "Akuti masewera nawonso amawakonda."

Mawu amenewa sindikuwamvetsa. Ndipo sakundisangalatsa.

Lachinayi

Mbali ya Tikhalemo yasefukira. Ngakhale ana amene sanaponde pashikola chiyambire mvula abwera kudzalembetsa.

Ermelinda wandidikira pakhomo la sala yathu yophunziriramo, maso pansi. Azakhali ake anakwatiwa kutsidya, ndipo ndiwo amamutumizira nsapato ndi makope. "Mfundo ndinali nazo zabwino, Pulofesoli, koma ndimadya kwathu." Wandisiyira pepala lake. Titulukemo watsala pepala.

Ndapita kwa a diretoli kuti tisinthe mutu, tikambe za ubwino wosamba m'manja. Akana. Ati akuluakulu a kuboma awaitana kale, ndipo makolo sanayambe afunsapo za msonkhano ngati ulendo uno. "Kolega, mbali imeneyo mulankhule ndinu. Ana apume. Makolo asankhe munthu wawo woti akuyankheni."

Poyamba ndinafuna kukana. Kenako ndaganiza: ine, wa dipuloma, kulimbana ndi mlimi wa ku Chipera? Ndayamba kumva kafungo ka simenti ka nyumba ija.

Mfundo zanga:
Choyamba, ufulu wa dziko. Mwini nyumba sapempha chilolezo kwa oyandikana naye kuti asunthe mpando wake.
Chachiwiri, katundu wakunja akupha mafakitale athu. (Mafakitale ati? Kachasu wa kuseri kwa msika? Ndisiye choncho, palibe afunse.)
Chachitatu, golide wathu amapita, ife n'kutsala ndi maenje.
Chachinayi, mawu aatali a Chipwitikizi, owaza apa ndi apo ngati mchere.

Ndayeserera pamaso pa mbuzi. Imodzi yasiya kudya n'kundiyang'anitsitsa. Chiyambi chabwino.

Bonifasiyo laimu wamuthera, wayamba kusungunula phulusa. Ndamupatsa moni wachifundo.

Lachisanu

Makolo asankha.

Asankha apongozi.

Akuti anaimirira okha wina asanatchule dzina, n'kunena kuti malire amawadziwa kuposa asilikali olondera pamenepo. Anthu m'manja wawawa.

Ndathamangira kwa a diretoli. Iwo ndi a ku Beira, apongozi awo amamwa nawo tiyi tebulo limodzi. "Vuto lili pati, kolega? Muwayang'ane m'maso, muwagwetse ndi mfundo." M'maso! Munthu amene ndinamulowera m'chitedze!

Njira zimene ndaganiza:
kudwala malungo (nyumba ipita kwa Bonifasiyo),
kulankhula nditafulatira (ndifulatiranso akuluakulu a boma),
nkhuku.

Akulu amati mkamwini akapereka kanthu, apongozi atha kumumasula kuti azilankhulana. Ndagula tambala wamkulu, wa lipombo lake, Felizarda wakapereka. Tambala alandira ndi manja awiri. Za kumasulazo ati tidzakambirana tikakolola. Madzulo anditumizira khosi ndi mapazi.

Yatsala njira imodzi. Titulutse kwaduru ya m'sala, yolembapo ija, tiiimike pakati pa ine ndi iwo, mawu anga azidzera mwa Felizarda monga mwa masiku onse. Felizarda wavomera msanga. Msanga kwambiri. Akuseka yekha uku akusita chitenje chatsopano chimene sindinamugulire ine.

Loweruka

Anthu! Mpaka m'mitengo ya mango. Ena apalasa njinga kuchokera ku Chipera kudzamva kalata ya ku Maputo. Miyala ya Bonifasiyo aikhalira, palibe waiona.

Ine kuseri kwa kwaduru, tayi pakhosi. Kunsi kwake ndikuona mapatapata obiriwira. Felizarda waima m'mbali, poti azitiona tonse.

Mkamwini sakweza mawu apongozi ali pomwepo, choncho ndikunong'oneza Felizarda. Ufulu wa dziko, mpando wa mwini nyumba, soberaniya, zonse, zosalala ngati za pawailesi. Iye akugwedeza mutu. Watembenuka, wagwada:

"Akuti mwadzuka bwanji, amayi."

Mfundo yachiwiri, mafakitale, ndi Chipwitikizi chake chomwe.

"Akuti iwo ndi mwana, mawu ambiri alibe."

Ya golide yokha waifikitsa yonse, kaya mwangozi. Bambo wina kumbuyo wati, "Apo ndiye wanena." Ndakonza tayi monyadira.

Kenako mapatapata asuntha.

"Za golide ndavomera, ana athu akuthera m'maenje. Koma tawafunsani bambowo. Wakuba akamalowera pazenera, kodi umakhoma chitseko cholowera iwe mwini?"

Yankho ndili nalo, lakuthwa, lili papepala la Ermelinda. Koma apongozi akafunsa, mkamwini ali ndi yankho limodzi lokha. Ndanyonyomala, ndaomba m'manja:

"Zoona, amayi."

"Tawafunsaninso. Amayi anga anagona kutsidya, abambo anga anagona kuno. Ndikafuna kukasesa pamanda ndizipempha chidindo?"

"Zoona, amayi."

"Nanga sopo asambira m'mawa uno ndinakaoda kuti? Tayi avala kuseriko?"

Tayi! Ine nthawi yonseyi ndimayesa Felizarda anagula ku Tete.

"Zoona, amayi."

Pa zonse ndinakonza mlungu uno, mawu amene bwalo landimva ndi awiri amenewo. Ana a kalasi yanga ayamba kale kuyankhana nawo.

Voti. A Tikhalemo: nkhalango ya manja. Felizarda wandiponyera diso lija. Ndakweza dzanja langa pang'ono, poti kuseri kuno aona ndani. A Titulukemo: Sayidi yekha, ndipo sanadikire n'komwe, wogula golide wake wa ku Zambia anali ataliza kale mota kumsewu.

A diretoli akupukuta misozi. Ati msonkhano ngati uwu sanauonepo. Andipatsa shavi pamaso pa anthu onse. Shavi! Bonifasiyo wachoka osatsanzika, phulusa lili m'zikhadabo.

Mtsutso ndagonja, nyumba ndapata. Zimenezi ku koleji sanatiphunzitse.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi ndatuma amalume, ankhoswe anga, kukapempha chitengwa. Sanakhalitse. Abwera chipewa chili m'manja.

"Akuti nkhaniyi inatha dzulo. Anthu anavota, palibe wotuluka. Akuti nawenso unakweza dzanja, analiona pamwamba pa kwaduru."

Zaka zonsezi osandiyang'ana, koma dzanja lokhalo analiona.

Ndamufunsa Felizarda maganizo ake. Wati kushikola mjigo uli kutali, ndipo mwana akadzabwera adzamulandire ndani, a diretoli? Iye ndi wa Tikhalemo chibadwire. Mayere sanachite nawo.

Koma nyumba isakhale chabe, atero apongozi. Ili pafupi ndi msika, ili ndi malata, imatsekeka bwino. Zitenje sizidzanyowanso. Shavi ili kale pachingwe m'khosi mwawo. Watero Felizarda, ine ndangoona mapatapata akudutsa.

Mawa ndisanalowe m'sala ndikatule mabelo a zitenje kunyumba kwanga kuja.

Mozambiki sanatuluke. Ine ndikukakonza khola la mbuzi.