Juzi, Mafilizesi Ofiira ndi Asewere a ku Blantyre

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma poti amayi a pampope ku Chikamveka kuno akuikamba kale mokhotetsa, ena akuti ndinaledzera, ena akuti ndinalodzedwa, bola ndiikambe ndekha mwiniwakene. Mowa sindimwa ine. Chinandigwetsa ndi juzi.

Tadala ndi mdzukulu wanga, koma ndinamulera ndekha mayi ake atatisiya, ndiye kwa iye amayi ndine, anganga ndine ndemwe. Mwanayu anapeza mnyamata, dzina lake Chifundo, wofatsa ngati mlendo wa tsiku loyamba. Vuto linali amayi ake a mnyamatayo, a Nachisale, namwino wopuma ntchito wa ku Blantyre. Miyezi inkangopita ankhoswe awo osabwera. Akuti mayiwo ananenetsa kuti satuma munthu asanaone ndi maso awo kuti kwa mtsikanayo kuli anthu a mtundu wanji. (Ngati kuti ife tili ndi michira.)

Tsiku lina Tadala anandigwadira. "Anganga, Loweruka amayi ake a Chifundo akubwera ku Zomba ndi adzukulu awo kudzasangalala. Akufuna akakuoneni komweko. Chonde, anganga, ndapota nanu, musakandichititse manyazi."

"Iwe mkazi mnzanga," ndinatero, "ine ndinayamba kuonana ndi asewere amayi ako asanamere mano. Khala phee."

Sindinafunse kuti kokasangalalako ndi kuti. Ndifunsirenji? Ku Zomba kuno munthu wa ndalama akati akukasangalala, ndiye kuti akukwera phiri. Ndipo phirilo palibe angandiphunzitse. Ndasenza nkhuni kuchokera kumeneko mpaka pakati pamutu panga tsitsi linaleka kumera. Ndikudziwa kuti ku damu la Mulunguzi, ngakhale kuno kumunsi nkhuku zitayasamula ndi kutentha, kumtundako chifunga chikatsika mano amagundana. Ndinati anthu a ku Blantyre akanjenjemere okha, ine ndikawaonetse kuti phiri lili ndi eni ake.

Loweruka m'mawa ndinavala. Mkati, kamisolo. Pamwamba pake tisheti yanga yachikasu imene mwana wanga Yohane anaisiya popita ku Joni. Tisheti imeneyo ndinkaikonda kwabasi, yofewa ngati khutu la mbuzi, ndipo ndikaivala popita kuchigayo aliyense ankandimwetulira, anyamata a njinga mpaka kundiimbira belu. Inali ndi zolemba pachifuwa, koma ine zolemba ndi mapazi a nkhuku n'chimodzimodzi. Chilema chake chinali chimodzi: makoswe anaidya kumsana, mabowo atatu olowa chibakera. Ndinati palibe kanthu, aiona ndani? Pamwamba ndinavala juzi yaubweya, yoyera, ya khosi lalitali, ya pa kaunjika koma yooneka ndithu. Kenako zitenje ziwiri, masokosi a malemu amuna anga, ndi duku.

Umenewo unali mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, mitambo ikungolonjeza ngati phungu.

Chifundo anabwera ndi galimoto kudzanditenga (Tadala anali atatsogola kale). Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumasokosi.

"Anganga, simukumva kutentha?"

"Amuna anga, yendetsani galimoto. Za thupi langa muzifunsa mukandimangira nyumba."

Anaseka, n'kuliza galimoto osandiuza kumene tikupita. Mwana waulemu. Ulemu umenewo ndi umene unandipha.

Titafika pamphambano, ine ndakonzeka kale kuti makutu atseke ndi chitunda, ndinangoona galimoto yakhotera kumunsi. Phiri likutsalira kumbuyo, likundiyang'ana. Tinakaima pabwalo lina m'tauni momwemo, pamtetete, popanda ngakhale mtengo woti galu n'kubisalapo. Kunabwera anthu a zosangalatsa ana. Uku chinyumba chopopa mpweya, ana akudumphamo ngati mbuliwuli m'chiwaya. Uku chotsetsereka cha pulasitiki, bambo wina akuchithira madzi ndi paipi, ana akutsetsereka n'kugwera m'kadziwe. Pakati, chikatungwe chozungulira chokhala ndi timipando tolendewera. Zimkuzamawu zikulira mpaka chiwindi kunjenjemera. Ndipo dzuwa, abale anga! Osati lowotcha lokha ayi, koma lija la mpweya wonata, loti thukuta likatuluka silikuuma, likungokhala nawe ngati mlamu wosowa ntchito.

A Nachisale anali pansi pa ambulera, diresi yopyapyala, magalasi akuda, tsitsi logula lofika m'mapewa. Ndinagwada, tinapatsana moni wa manja awiri.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Koma simukudwala malungo? Juzi dzuwa limeneli?"

Tadala anandiyang'ana ndi maso a mbuzi yoona mpeni.

"Iyayi, asewere," ndinatero (mawu akuti asewere ndinawaponya dala, ndione ngati awatola, sanawatole). "Ife obadwira m'mphepete mwa phiri magazi athu ndi ozizira. Kutentha kumene kukuvutani inuku, kwa ife ndi kamphepo."

Bodza limenelo linanditsekera chitseko. Kuvula juzi ndiye kuonetsa mabowo a makoswe kwa mayi amene wabwera kudzafufuza ngati ndife anthu. Kusavula ndiye kuphikika wamoyo. Ndinasankha kuphikika.

Poyamba ndinayesa kudzikupiza ndi nsonga ya chitenje, koma kunali ngati kukupiza mbaula. Ndinasendera pang'onopang'ono kuti ndilowe nawo mumthunzi wa ambulera yawo, iwo n'kumasenderanso. Thukuta linayamba kuyenda mumsana, kutsika m'miyendo, kukasonkhana m'masokosi a malemu. Ndikaponda, nsapato zikuti fwa, fwa. Mayi aja akundifunsa za mpingo wathu, za sukulu ya Tadala, ine ndikuyankha "eya, eya," m'maso muli nyenyezi.

Kenako ndinaona mayi wina ali ndi bokosi la mafilizesi, timadzi totsekemera touma gwa m'timapulasitiki tija ana amayamwa. Nzeru inandifikira. (Nzeru ikafika mothamanga chotero, muziifunsa kumene yachokera.) Ndinapempha kuti ndikaone kuseri, ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinagula asanu. Achikasu ndi a malambe anali atatha, anatsala ofiira okhaokha. Ndinabisala kuseri kwa chinyumba chopopa chija. Awiri ndinalowetsa m'kamisolo. Awiri m'khwapa, uku limodzi uku limodzi. Lachisanu ndinaliluma pakona kuti ndinyowetse kukhosi, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika pamutu, pansi pa duku, pamalo paja nkhuni zinapalapo.

Mayo ine! Kukoma kwake! Ndinamva ngati ndakhala pamwala ku Mulunguzi miyendo ili m'madzi. Ndinabwerera ndikuyenda ngati mkazi wa bwana, manja nditapanira m'mbali kuti a m'khwapa asagwe.

Apo ndikanalekera, bwenzi lero ndili ndi ulemu wanga. Koma ndinayang'ana chikatungwe chija, ndinaona madiresi a okwera akuuluka ndi mphepo. Mtima unati: madzi oundana uli nawo, chatsala ndi mphepo.

"Asewere, tiyeni tikakwere."

"Ine? Pa msinkhu wangawu? Mayi, zimenezo ndi za ana."

"Anganga, chonde," Tadala ananong'ona, akundikoka chitenje.

"Ndisiye, mkazi mnzanga. Munthu wotsika phiri ndi mtolo pamutu angaope mpando?"

Ndinakhala pakampando. Mnyamata woyendetsa anatsitsa chitsulo chotchingira kuti munthu asagwe, n'kuchikankha mwamphamvu pachifuwa panga penipeni. Ndinamva kuti phu! Kenako phu! Ndisanati "dikira," chinthu chinanyamuka.

Kuzungulira koyamba, mphepo inali yabwino, sindinama. Kwachiwiri, phiri la Zomba linadutsa kumanzere. Kwachitatu linadutsanso kumanja, litatembenuka. Ndinakweza manja kuti ndigwire unyolo, a m'khwapa aja n'kutsetserekera m'mimba, chitsulo n'kuwamaliza. Ndinaitana Yesu, ndinaitana malemu amuna anga, ndinaitana ngakhale mlamu wanga amene sitiyankhulana. Lapamutu lija, loluma pakona, linayamba kutsika pachipumi.

Chitaima, ndinatsika, ndinayenda mapazi atatu chammbali ngati nkhanu, n'kukhala pansi kuti khu!

Mayi wina anakuwa. "Magazi! Agogo aphulika!"

Ndinadziyang'ana. Juzi yoyera ija yafiira kuyambira pachifuwa mpaka pamchombo. Kumaso zofiira zikuchucha, kudontha pachibwano. Wa chimkuzamawu anazimitsa nyimbo n'kuyamba kulengeza kuti mwini wa agogo ovala juzi abwere msanga. Ana anatuluka m'madzi kudzaonerera. Tadala akulira, Chifundo akuthamanga uku ndi uku ndi makiyi m'manja.

Ndiye mukanawaona a Nachisale! Ambulera kutaya, magalasi kutaya, nsapato zazitali kuvula. Anang'amba gulu la anthu ngati ng'ombe yolowa m'munda.

"Patukani, ndine namwino! Mayi, gonani chagada. Chifundo, gwira mutu. Vulani juziyi!"

"Asewere, juzi yokhayi ayi!"

"Mukutaya magazi, mayi!"

"Atayike! Ndi anga!"

Tinalimbana, iwo kukokera kumwamba, ine kukokera pansi. Koma mayi amene wagwira anthu obereka zaka zonsezo simungamugonjetse. Juzi inatuluka kuti vuu, pamodzi ndi duku, ndipo timapulasitiki tinagwera pansi, tina tikadali ndi kamwala ka madzi mkati.

Anthu onse anasuzumira pansi.

A Nachisale anatola kamodzi. Anakhudza chipumi changa ndi chala, ananunkhiza, analawa.

"Mayi," anatero pang'onopang'ono, "magazi anu ali ndi shuga wambiri."

Ine ndinakhala tsonga msanga, manja kumsana, kubisa mabowo. "Pepani, asewere. Ndi makoswe. Kwathu si kwa uve ayi, koma makoswe a ku Chikamveka ndi osamva."

Koma iwo sankayang'ana kumsana. Ankayang'ana pachifuwa. Anthu onse ankayang'ana pachifuwa, ena atagwira pakamwa. Tadala anaphimba nkhope ndi manja onse awiri.

"Mayi, mukudziwa zimene zalembedwa apazi?"

"Yohane ankati ndi za umoyo."

Anawerama, n'kundiwerengera kukhutu: "Ndine bambo weniweni. Ndinachita mdulidwe. Nanga inu?"

Abale anga. Zaka ziwiri! Kuchigayo, kumsika, kumaliro a kwa aneba. Tsiku lina mpaka abusa anandipeza nayo ndikusesa pakhomo, anangoti "Ambuye akudalitseni" n'kufulumira. Ndiye mabelu a njinga aja! Ine kumati ndimakondedwa. Ndipo Tadala, mwana amene ndinamulipirira sukulu ndi nkhuni za pamutu panga kuti aziwerenga, akuti ankaopa kundiuza chifukwa ndikanakalipa. (Ndikanakalipadi. Koma si chifukwa chimenecho.)

Ndinaona kuti ukwati wa mwana wathera pamenepa, pa fumbi, pakati pa timapulasitiki. Poti zinali zitatayika kale, ndinangoti:

"Nanga si mumafuna kudziwa mtundu wathu, asewere? Ndi umenewu. Kwathu za umoyo sitisiya munthu kumbuyo."

Mayi aja anandiyang'ana. Kenako anaphulika. Anaseka mpaka kukhala pansi pafumbi ndi diresi yawo ya ku Blantyre, misozi mbwembwembwe, akumenya pansi ndi dzanja. Tsitsi logula lija linapendekeka, iwo n'kulizula okha n'kuyamba kudzikupiza nalo.

"Chinthu ichi chandiwotcha kuyambira pa Namadzi," anatero. "Ndimaopa inu, kuti mukati amayi ake a Chifundo ndi a imvi ngati chinangwa."

Apo njuchi zinali zitamva kale za shuga uja, zikundizungulira. A Nachisale anakuwira bambo wa paipi uja. "Achimwene, bweretsani madziwo kuno! Thirani asewere angawa. Mukatha, muthire ine."

Asewere angawa. Ndinamva bwinobwino, ngakhale m'makutu munali madzi.

Tinakhala m'mphepete mwa kadziwe ka ana, azimayi awiri aakulu, mitu ili pamtunda, miyendo m'madzi, tikuthiridwa ngati mbewu za kudimba. Kuzizira kumene ndinakusaka tsiku lonse kunali pomwepo, pa paipi, ndipo ana a zaka zitatu anakudziwa kale ine ndisanafike.

Ankhoswe anabwera sabata yotsatira. Tadala ali pabanja pake tsopano, ngakhale nkhani ya tisheti sindinamukhululukire kwenikweni. Asewere akaimba foni safunsa za anganga ayi, amati, "Tandipatsireni bambo weniweni." Tishetiyo ndinaitembenuza kunja kukhala mkati, ndimaivalabe, chifukwa nsalu yofewa chotero simungaipeze.

Anthu amandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira, inde. Chaka chino kukatentha, ndikagula a malambe. Amenewo sathimbiritsa juzi.