A Mumba Sankajambula Munthu Wokonzeka

Ku Petauke konse, kuyambira pamsika mpaka kumidzi ya kwa Kalindawalo, aliyense ankadziwa kuti ukafuna kuti a Ezekiel Mumba akujambule, usawapemphe. Ukangovala jekete n'kuima njo, manja m'mbali, iwo ankabweza kamera m'chikwama n'kuyamba kukufunsa za mvula.

Kamerayo inali yakalekale, yachitsulo, yolemera ngati nsimbi yamakala, ndipo inalibe kamagetsi kong'anima kaja. Tsiku lina anandilola kusuzumira pakagalasi kake. Ndinaona mayi wogulitsa tomato ali awiri.

"Yafa iyi, bambo," ndinatero.

"Siinafe. Zungulutsa apa pang'onopang'ono mpaka awiliwo akhale mmodzi, ndiye udine. Ukachedwa akuona, ndipo akakuona wataya filimu."

Anthu ena a ku Nyimba anawaitanira ku ukwati osadziwa khalidwe lawoli. Filimu inapita ku Lusaka pa basi, zithunzi n'kubwera patatha masabata atatu, abale onse n'kusonkhana kudzaona. Munali mkwatibwi akuyasamula, mkwati atavula nsapato imodzi pansi pa tebulo, ndi azakhali ena akulowetsa mwendo wa nkhuku m'chitenje. Chithunzi choti banja laima pamodzi panalibe, ngakhale chimodzi.

"Nanga ukwati uli kuti apa?" anafunsa amake a mkwatibwi.

"Ni umenewu, amai. Ine n'naliko."

Azakhali aja sanawapatsenso moni mpaka kalekale.

M'tchalitchi mukachita mdima, anthu ankawauza kuti agule kamagetsi ngati ojambula anzawo a pa boma. "Ine sindine mphenzi," ankayankha choncho. Ankangotsamira pafupi ndi zenera, kudikira kuti munthu adutse pomwe pagwa dzuwa. Ubatizo wina unachita kutha iwo asanadine, ati kunali mitambo.

Ine ndinkaseka nawo zonsezi mpaka tsiku limene zinandigwera. Chaka chimene ndinayamba uphunzitsi ndinafuna chithunzi cha amai anga choti ndipachike m'nyumba. Ndinawagulira chitenje chatsopano ndi nsapato, n'kutengana ndi a Mumba panjinga mpaka kumudzi. Amai anakhala pampando, nkhope gwa ngati ali kukhoti. A Mumba anawayang'ana kamodzi, n'kupempha madzi akumwa. Anacheza tsiku lonse, anadya, anatsanzika. Ine njira yonse yobwerera sindinawayankhule.

Patapita mwezi anandipatsa envulopu. Munali amai atakhala pansi, miyendo tambalale, akuswa mtedza, atavala chitenje chawo chakale chong'ambika, akuseka mpaka usinini wonse panja pomwe panachoka mano. Kaya anadina nthawi yanji, mpaka lero sindidziwa.

"Mufuna anzanga akambe kuti amai a aphunzitsi ni osauka?" ndinawafunsa.

"Awa ndiye amai ako, Josphat. Aja a pampando sin'wadziwa."

Nditafika kunyumba ndinaponya envulopu yonse pambaula. Palibe anandikakamiza. Anali manyazi chabe, manyazi opusa a munthu amene wangoyamba kumene kuvala tayi.

Amai anamwalira patapita zaka zinayi. Chithunzi chokha chomwe ndinatsala nacho ndi cha pachitupa chawo, pomwe akuoneka ngati awagwira ataba mbuzi. Ana anga akachiona amafunsa ngati agogo awo anali aukali. Kangapo konse ndinanyamuka kuti ndikapemphe a Mumba anditsukire china, koma ndikawaona pamsika, kamera ili pachifuwa, ndinkakhotera kwa ogulitsa kapenta. Ndinkangoti mawa.

Chaka chatha a Mumba anatisiya. Maliro atatha ndinalimba mtima n'kupita kwa akazi awo, amai Bernadette, kukafunsa ngati malemuwo ankasunga timafilimu takuda tija totsukira zithunzi.

"Sanali kusunga, mwana wanga," anatero. "Kafilimu anali kukaika mu envulopu mommo, kuseli kwa chithunzi. Anali kukamba kuti nkhope ni ya mwini wake. Sunakaone?"

Sindinakaone. Sindinasuzumire n'komwe.

Masiku ano pa Petauke aliyense ali ndi kamera m'foni. Pamsika, pokwerera mabasi a ku Chipata, ngakhale pamaliro penipeni, anthu amaima, kukonza kolala, kupinda milomo n'kudzijambula okha, chikaipa afufuta. Tonse tikuoneka bwino zedi, moti azakhali akhoza kubisa nkhuku yathunthu popanda wowaona. Koma palibenso munthu wotidikira tsiku lonse kuti tiiwale zoti tikuonedwa, ndipo ine ndimawasowa mkulu uja kuposa momwe ndinkaganizira. Ndikatsinzina kuti ndikumbukire amai akuseka, chitenje chimabwera, mtedza umabwera, koma nkhope imabwera ya pachitupa.